Sitiroko ikagwa pakhomo, tilowere kuti?

*Mtolankhani wathu adapemphedwa kukalankhula kwa anthu amene akusamalira abale awo odwala sitiroko mumzinda wa Blantyre. Pakati pawo padali akuluakulu ena amene adakhalako kunja m'zaka za chipani chimodzi. Tasindikiza mawu ake monga adalankhulira.*

Ine si dokotala, ndine mtolankhani. Ntchito yanga ndi kufunsa amene akudziwa, kuwerenga zimene adalemba, ndi kubweretsa zimenezo kwa anthu m'chilankhulo chimene akumva. Tsono mawu angawa asalowe m'malo mwa mawu a dokotala amene akuona wodwala wanu. Cholinga changa n'chakuti mukamakakumana naye, mukhale ndi mafunso m'thumba.

Ambiri mwa inu mudaona ndi maso anu nthawi imene kufunsa kudali mlandu m'dziko muno. Ine ndidabadwa matipate atabwera kale, choncho za nthawiyo ndimangomva kwa inu. Koma ndikamayenda m'mawodi ndimaona kuti mantha aja sadatheretu. Munthu amaima pambali pa bedi la bambo ake, dokotala n'kudutsa, iye osatsegula pakamwa. Akatuluka panja amakumana ndi wogulitsa mabotolo wa pakamwa pozuna, ndipo apanso safunsa kanthu, amangopisa m'thumba. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Pa matenda a sitiroko, kusafunsa kumatha ndalama, kumatha nthawi, ndipo mwina kumatha moyo.

Mfundo yanga lero ndi imodzi. Munthu akachita sitiroko, zinthu zimene zidatsimikizika kuti zimathandiza ndi zitatu: kufika kuchipatala msanga, kumwa mankhwala oletsa sitiroko yachiwiri osalekeza, ndi kuchita mafizo tsiku ndi tsiku. Zina zonse, kaya zachikuda, kaya za ku China, kaya za m'mabotolo ochokera ku Joni, zibwere pambuyo, ndipo zibwere pokhapokha ngati sizivulaza ndiponso sizilanda malo a zitatuzi.

Chimachitika n'chiyani m'mutu

Ubongo susunga chakudya. Umadalira magazi amene amaubweretsera mpweya ndi shuga nthawi zonse kudzera m'mitsempha. Ife a m'tauni timadziwa kuti madzi amasiya kutuluka pampopi pa zifukwa ziwiri: paipi yatsekeka kapena yaphulika. Sitiroko ilinso chimodzimodzi. Mtundu woyamba, magazi amaundana n'kutseka mtsempha, ndipo mbali ya ubongo imene imadya pamenepo imayamba kufa. Mtundu wachiwiri, mtsempha umaphulika, magazi n'kukhuthukira mu ubongo. Ku Ulaya ndi ku America mtundu wotsekekawu ndiwo wochuluka kwambiri, pafupifupi odwala 85 pa 100 alionse. Kuno ku Africa mtundu wophulika umapezeka kawirikawiri kuposa kumeneko. Kafukufuku wamkulu wa ku Ghana ndi Nigeria wotchedwa SIREN, amene adatuluka mu 2018, adapeza kuti pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse adali wa mtsempha wophulika.

Mbali ya kumanzere ya ubongo imalamulira mbali ya kumanja ya thupi, ndipo kwa anthu ambiri ndi imenenso imasunga mawu. N'chifukwa chake amene wafa dzanja ndi mwendo wa kumanja nthawi zambiri amavutikanso kulankhula. Sikuti wapenga, sikuti wabwerera ku umwana. Nzeru zilipo, chimene chasokonekera ndi njira ya mawu.

Popeza matendawa amagwa mwadzidzidzi, kwathu kuno timamva kuti munthu wamenyedwa ndi hamala ya afiti. Dzulo adali bwinobwino, lero wagwa kubafa, ndiye wina ayenera kukhala wachita. Komatu hamala imeneyi, nthawi zambiri, imakhala itasulidwa kwa zaka khumi m'thupi mwa munthu mwiniyo, ndipo dzina lake ndi BP. Tsiku limene banja limatha kufunafuna mfiti ndi tsiku limene ubongo ukufa. Pamwamba pa apo, gogo wina wosalakwa amasanduka mdani wa mudzi. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Maola oyamba

Zizindikiro ndi zosavuta kusunga. Muuzeni amwetulire: kodi kukamwa kwapotokera mbali imodzi? Muuzeni akweze manja onse awiri: kodi limodzi likugwa? Muuzeni atchule dzina lake ndi mudzi wake: kodi mawu akutuluka bwino? Chimodzi mwa izi chikaoneka, yang'anani wotchi, sungani nthawiyo, pezani galimoto. Musadikire kuti kuche, musadikire malume afike kuchokera kumudzi. Dokotala wina wa ku America, Jeffrey Saver, adawerengera mu 2006 kuti mtsempha waukulu ukatsekeka, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pa mphindi iliyonse. Madzi akatayika saoleka.

Pali zinthu zimene timachita chifukwa cha chikondi koma zimavulaza. Musamumwetse madzi, phala, kapena mankhwala alionse, chifukwa sitiroko imafoola minofu yomezera ndipo zimene mwamupatsazo zitha kulowa m'mapapo. Musamupatse aspirin musanadziwe mtundu wa sitiroko, pakuti ngati mtsempha waphulika, aspirin amawonjezera kutaya magazi. Uthenga uja umayenda pa WhatsApp, wakuti mubaye nsonga za zala ndi singano kuti magazi atuluke, ndi bodza lamkunkhuniza. Mgonekeni chammbali, mmasuleni kolala, nyamukani.

Zizindikiro zikabwera n'kutha zokha patapita mphindi zochepa, musati zikomo Mulungu n'kugona. Imeneyo ndi sitiroko yaing'ono yochenjeza, ndipo yaikulu imakonda kutsatira m'masiku oyambirira omwewo. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuchipatala ayenera kuyeza shuga msanga, chifukwa shuga akatsika kwambiri amaoneka ngati sitiroko koma amachizika nthawi yomweyo. Kenako pamafunika kujambula mutu ndi makina a CT scan, amene amasiyanitsa kutsekeka ndi kuphulika. Makina amenewa simungawapeze pa chipatala chaching'ono, ali m'zipatala zikuluzikulu zowerengeka. Funsani kuti: kodi wodwala wathu ajambulidwa liti, ndipo ngati sajambulidwa, chifukwa chake n'chiyani?

Zimene mudaona kunja ndi zimene tingathe kuno

Makolo anga amene mudakhala ku London kapena amene muli ndi ana ku Johannesburg, mudamva za jakisoni wosungunula magazi oundana. N'zoona, alipo. Dzina lake ndi alteplase. Adatsimikizika pa kafukufuku wa mu 1995, ndipo dziko la America lidamuvomereza mu 1996. Poyamba ankaperekedwa pasanathe maola atatu, ndipo kuchokera mu 2008 malire adafika pa maola anayi ndi theka. Mu 2015 kudatsimikizikanso njira ina, yolowetsa kachubu mu mtsempha wa pantchafu mpaka ku ubongo n'kukoka chotsekacho. Bungwe la WHO lidaika alteplase pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2019. Koma njira zimenezi zimafuna kuti wodwala afike m'maola ochepawo, ajambulidwe pompo, ndipo pakhale akatswiri odikira usiku ndi usana. Kwa Mmalawi wamba zikadali kutali, ndipo kukwera ndege patapita sabata sikungabweze maola amene adutsa.

Izi zisatifooketse, chifukwa chimene chimapulumutsa anthu ambiri si jakisoni ameneyu. Mu 1993, Peter Langhorne ndi anzake a ku Glasgow adasonkhanitsa zofufuza zambiri n'kuonetsa kuti odwala sitiroko akagonekedwa pamalo amodzi, n'kumasamalidwa ndi anamwino ndi madokotala ozolowera matendawa, amafa ochepa. Chinsinsi chake si makina, koma zinthu zazing'ono zochitidwa mosaphonya: kuyesa ngati wodwala akumeza bwino asanapatsidwe chakudya, kumudyetsa kudzera pa kachubu ka m'mphuno ngati sakumeza, kutsitsa kutentha kwa thupi, kuyang'anira shuga, kumutembenuza maola awiri alionse kuti asachite zilonda za pabedi, ndi kumudzutsa pang'onopang'ono. Ambiri amene amamwalira m'masabata oyamba saphedwa ndi ubongo wokha ayi, koma ndi chibayo chobwera chifukwa chotsamwa, zilonda, ndi magazi oundana m'miyendo.

M'zipatala zathu, amene amakhala pambali pa wodwala usiku wonse ndi gadiyani, ndiye kuti inuyo. Pemphani namwino akuonetseni katembenuzidwe ndi kakhazikidwe ka wodwala. Pomudyetsa akhale tsonga, chakudya chikhale chofewa, supuni ikhale yaing'ono, ndipo akayamba kutsokomola kapena mawu akamveka ngati a munthu wovumata madzi, lekani, itanani namwino. Za kumudzutsa, tsatirani malangizo a ogwira ntchito. Kafukufuku wotchedwa AVERT wa mu 2015, wa odwala oposa 2,000, adapeza kuti kumuyendetsa munthu kwambiri tsiku loyamba lenilenilo sikuthandiza. Chofunika ndi kudzuka kwa nthawi zazifupi, kawirikawiri, dokotala akalola.

Ngati chithunzi chaonetsa kuti mtsempha ndi wotsekeka, aspirin wotchipa yemweyu ndi mankhwala enieni. Zofufuza ziwiri za mu 1997, za odwala pafupifupi 40,000, zidaonetsa kuti akayambidwa m'masiku awiri oyamba amapulumutsa pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse ku imfa kapena ku sitiroko ina. Chikuoneka chochepa, koma werengani odwala a dziko lonse.

Kutseka khomo la sitiroko yachiwiri

Amene mudakhala ku Lusaka mukukumbukira Pulezidenti Levy Mwanawasa. Adachita sitiroko mu 2006, adachira n'kubwerera pa ntchito. Mu June 2008 adachitanso ina ali ku msonkhano ku Egypt, adatengedwa kupita ku Paris, ndipo adamwalira pa 19 August chaka chomwecho. Ngati yachiwiri idakanika kwa mtsogoleri wa dziko amene adali ndi ndege ndi madokotala, kuli bwanji kwa ife? Nkhondo yathu ikhale yoti yachiwiriyo isabwere.

Mdani wamkulu ndi BP. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi mwa iwo sankadziwa. BP siimva kuwawa. Munthu amamwa mankhwala mwezi umodzi, n'kumva bwino, n'kuleka. Pamenepo ndi pamene ambiri amagwera. Kafukufuku wotchedwa PROGRESS wa mu 2001, wa anthu oposa 6,000 amene adachitapo kale sitiroko, adaonetsa kuti kutsitsa BP kumachepetsa sitiroko yachiwiri ndi magawo 28 pa 100 alionse. Mankhwala ake ndi omwewa mumawadziwa: hydrochlorothiazide, amlodipine, enalapril ndi anzawo. Kwa ambiri ndi a moyo wonse. Akakupatsani vuto, monga kutupa mapazi kapena chifuwa chouma, bwererani akakusinthireni, osangoleka chinunu.

Ena amapatsidwanso mankhwala otsitsa mafuta m'magazi monga simvastatin kapena atorvastatin. Amene mtima wawo umagunda mosalongosoka, kapena udawonongeka ndi matenda a paubwana, amapatsidwa warfarin, amene amafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Wa shuga asamale shuga wake. Fodya aleke, kaya ndi ndudu, chingambwe kapena wa phuno. Mowa, makamaka kachasu, umakweza BP.

Nkhani ya mchere ndi ya kukhitchini kwathu. WHO imati munthu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zonse zimene wadya. Mcherewo suli m'mbale ya patebulo yokha. Uli m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'nsomba zothira mchere, m'soseji, m'tchipisi cha pachiwaya, ndiponso m'soda amene timathira m'therere ndi m'chigwada. Banja lonse lichepetse pamodzi, kuti wodwala asamaone ngati akulangidwa.

Pali chinanso chathuchathu. Kafukufuku amene adachitikira pa chipatala cha Gulupu, motsogozedwa ndi Laura Benjamin, amene adatuluka mu 2016, adapeza kuti BP ndiyo imatsogola pa odwala onse, koma mwa achinyamata osapitirira zaka 45 chimene chidatsogola ndi HIV. Chiopsezo chidali chachikulu mwa amene sadali pa mankhwala ndi amene adali atangoyamba kumene. Phunziro lake ndi lakuti tiyezetse msanga, tiyambe ma ARV chitetezo chisanagwe, ndipo tisawaleke. Wodwala sitiroko aliyense, wamkulu kapena wamng'ono, ayezedwe magazi.

Mafizo ndiwo mankhwala a dzanja ndi mwendo

Palibe piritsi limene limadzutsa dzanja lakufa. Maselo amene afa sabwerera, koma ubongo uli ndi mphatso yolambula njira zatsopano, monga m'mene anthu amapondera kanjira kena mlatho ukakokoloka. Kanjirako kamatseguka ndi kupondapo kawirikawiri. Kuchira kumathamanga kwambiri m'miyezi itatu yoyamba, kumapitirira mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ngakhale pambuyo pake munthu wolimbikira amapitabe patsogolo. Ndiye onani kuipa kwake kotha miyezi yoyambayo mukuyendayenda kwa anthu olonjeza zozizwitsa.

Kuno ku Blantyre tili ndi Kachere Rehabilitation Centre, imene idakhala m'manja mwa bungwe la MAP, lija lidayamba ndi dzina la Malawi Against Polio. M'zipatala zikuluzikulu mulinso a mafizo, ndipo sukulu ya udokotala imene tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences idayamba kuphunzitsa akatswiri a mafizo mu 2010. Komabe ndi ochepa, ndipo wodwala amatha kuonana nawo kamodzi pa sabata kapena pa mwezi. Ntchito yeniyeni ili kunyumba. Mukapita kwa wa mafizo, musakhale panja pa benchi. Lowani, onani, yesani iye akuona, lembani.

Zipangizo zake zili kale pakhomo. Kudzuka pampando ndi kukhalanso kakhumi, katatu pa tsiku. Kutola nyemba n'kuponya m'kapu. Kutong'ola chimanga, kumanga mabatani, kugwira mtanda wa nsima ndi dzanja lofookalo. Ngakhale kalilole amathandiza: mumamuimika pakati pa manja awiri, dzanja lofooka kuseri, wodwala n'kumayendetsa dzanja labwino akuyang'ana m'kalilolemo, ubongo n'kumaona ngati lofooka lija ndilo likuyenda. Njira imeneyi idayesedwa ndipo imathandiza ena.

Chikondi chathu chimalakwitsa pamene timuchitira wodwala chilichonse. Timamusambitsa, timamuveka, timamudyetsa, timamuyankhira alendo akafunsa. Dzanja limene silipatsidwa ntchito limaiwalika ndi mwini wake. Musiyeni avutike pang'ono ndi batani lake, inu muli pafupi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma musamukoke dzanja lofooka pomudzutsa, chifukwa phewa limaguluka ndipo ululu wake umatha miyezi.

Amene akuvutika kulankhula, lankhulani naye ngati munthu wamkulu, mawu ochepa, funso limodzi pa nthawi, ndipo mudikireni. Ena amene sangathe kunena chiganizo amatha kuimba nyimbo ya kutchalitchi imene adaidziwa kale, ndipo poyambira pamakhala pamenepo. Dziwaninso kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse amagwidwa ndi matenda a kukhumudwa. Bambo amene ankadyetsa banja akangokhala duu, osafuna kudya, osafuna mafizo, si ulesi kapena mwano. Ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo chake. Muuzeni dokotala.

Nanga njira zinazi?

Sindidabwere kudzanyoza zitsamba. LA amene timamwa pa malungo adachokera ku chitsamba cha ku China, ndipo mayi amene adachifufuza, Tu Youyou, adalandira mphotho ya Nobel mu 2015. Kusiyana kwake n'kwakuti chitsambacho chidayesedwa, mlingo wake udadziwika, kuipa kwake kudalembedwa. Ife tili ndi phunziro lathu. Mu 1995 anthu zikwi mazanamazana adakhamukira ku Machinga kukamwa mchape wa Billy Goodson Chisupe, amene ankati umachiza Edzi. Maliro sadaleke. Chimene chidachepetsa maliro ndi ma ARV aulere amene adayamba mu 2004. Unyinji wa anthu pamzere si umboni wakuti mankhwala akugwira.

Njira zinazi ndaziika m'milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zimene zingayende limodzi ndi chipatala. Pemphero limalimbitsa mtima wa wodwala ndi wa omusamalira, ndipo abale a mumpingo amene amabwera kudzacheza, kudzachapa ndi kudzamuyendetsa akuchita ntchito ya mankhwala. Kusisita mofatsa kumachepetsa kuuma kwa minofu. Nyimbo, kuothera dzuwa, ndiwo zamasamba, zipatso, nyemba, zonsezi n'zabwino.

Mulu wachiwiri ndi wa zimene zidayesedwa koma sizidaonetse phindu lomveka. Kubaya timasingano kwa ku China, kumene ena mudakuona kunja, kwafufuzidwa kambiri, ndipo m'zofufuza zosamalitsa, pamene ena ankabayidwa mwachiphamaso chabe, kusiyana sikudaoneke bwino. Mankhwala azitsamba otchedwa NeuroAiD adayesedwa pa odwala 1,100 ku Asia, ndipo zotsatira za mu 2013 zidati patapita miyezi itatu amene adamwa sadasiyane kwenikweni ndi amene adamwa mapiritsi opanda mankhwala. Mavitamini a mtundu wa B adayesedwa pa anthu oposa 8,000 mu kafukufuku amene adatuluka mu 2010, ndipo sadaonetse kuti amaletsa sitiroko yachiwiri mokhutiritsa. Kubayidwa maselo atsopano kumene zipatala zina za kunja zimatsatsa pa intaneti ndi ndalama zankhaninkhani kukadali pa kafukufuku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ana athu ali kunja amene amatumiza makatoni a mabotolo, tiwauze mwaulemu kuti ndalama yomweyo ikadagula makina oyezera BP, mankhwala a chaka chonse, ndodo yoyendera, ndi thiransipoti yopitira ku mafizo.

Mulu wachitatu ndi wa zovulaza. Kutema mphini pa munthu amene akumwa aspirin kapena warfarin kungamutayitse magazi, ndipo lumo limodzi limafalitsa matenda. Kuthowa ndi madzi otentha mbali imene sikumva kumawotcha khungu iye osadziwa. Kumwetsa mankhwala a m'botolo munthu wosameza bwino ndi kumuitanira chibayo. Zitsamba zina za m'masitolo, monga ginkgo, zimawonjezera kutaya magazi zikaphatikizana ndi aspirin kapena warfarin, ndipo St John's wort amafoola mphamvu ya warfarin ndi ya ma ARV ena. Choopsa koposa zonse ndi mawu akuti taya mapiritsi, wachiritsidwa. Kaya anene ndi sing'anga, kaya mneneri, kaya wogulitsa wovala tayi, munthu ameneyo akusewera ndi moyo wa m'bale wanu. Wodwala shuga kapena BP asasale kudya asanafunse dokotala.

Wina angati, koma ife tidapita kwa uje ndipo adayamba kuyenda. Ndikukhulupirira kuti adayambadi kuyenda. Kumbukirani kuti m'miyezi itatu yoyamba ambiri amachira ndithu mbali ina, chifukwa kutupa kwa mu ubongo kumaphwa ndipo njira zatsopano zimatseguka. Amene adamupatsa botolo pa nthawiyo amakolola pamene sadalime. Amene sadachire sawaitana ku wailesi kudzachitira umboni.

Tsono aliyense wobwera ndi chithandizo, mufunseni mafunso atatu. Muli chiyani m'menemu? Adayesa ndani, pa anthu angati, ndipo kodi bungwe la boma loona za mankhwala la PMRA likuwadziwa? Kodi mukuti ndileke mankhwala a kuchipatala? Akakwiya ndi mafunsowa, mwayankhidwa kale. Ndipo chilichonse chimene wodwala akumwa, kaya ndi muzu, kaya ndi tiyi, kanenei kwa dokotala osachita manyazi. Madokotala nawonso aleke kukalipira anthu akaulula, chifukwa munthu wokalipiridwa amabisa.

Mafunso opita kwa olamula

Tisamalize ngati kuti mtolo wonse ndi wa banja. Anthu amathamangira kwa ogulitsa chiyembekezo chifukwa kuchipatala adauzidwa kuti mankhwala a BP atha, makina afa, wa mafizo kulibe. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 March 1992, imene idagwedeza dziko lino, idadandaula za kuthithikana m'zipatala, kuchepa kwa ogwira ntchito, ndi kusiyanitsa anthu pa chithandizo. Mudavota pa 14 June 1993 kuti zoterezi tizitha kuzinena poyera. Mu 2001 ku Abuja, maboma a mu Africa adalonjeza kuika magawo 15 pa 100 alionse a bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife takhala pansi pa mlingo umenewu. Akuluakulu akadwala amakwera ndege, ife timakwera minibasi.

Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko lino limatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga, ndipo lamulo lothandiza ufulu umenewu lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Tiligwiritse ntchito. Tifunse phungu wathu ndi khonsolo yathu: chipatala chathu chidakhala miyezi ingati chopanda mankhwala a BP chaka chatha? Makina ojambulira mutu adagwira ntchito masiku angati? Boma lathu lili ndi a mafizo angati? Bwanji chipatala chachikulu chilichonse chisakhale ndi mabedi ake a odwala sitiroko, ndi anamwino ophunzitsidwa ntchito imeneyi? Zimenezi sizifuna ndege, zimafuna kuti wina azikumbutsidwa kosalekeza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu ngati lanuli likalemba kalata imodzi ya maina makumi asanu limamveka kuposa munthu mmodzi wodandaula pakhonde la wodi. Ife atolankhani tidzasindikiza mafunso anuwo, ndi mayankho ake akabwera, ndipo akapanda kubwera tidzalembanso zimenezo.

Pomaliza, pempho langa kwa inu osamalira odwala. Gawanani ntchito, chifukwa mayi mmodzi sangatembenuze munthu wamkulu usiku uliwonse kwa chaka osagwa naye. Amuna, ana aamuna, ntchitoyi ndi yanunso. Ndipo popeza BP imayenda m'magazi a pabanja, sabata ino musanapite kukagulira wodwala wanu chilichonse, yambani mwapereka mkono wanu kuti akuyezeni.